ULENDO WA KU MBOMBWE NDI MUNTHU AMENE ADATOLA MAPEPALA

Kudacha ndi chiperoni tsiku limene ndidanyamuka kupita ku Mbombwe. Pokwerera basi ku Limbe anthu adali atadzikuta zitenje ndi majekete, ndipo phiri la Chiradzulu, limene masiku ena limaoneka bwino lomwe munthu akangotuluka m'tauni, lidali litabisala m'nkhungu. M'chikwama changa mudali mbatata yootcha, ambulera, ndi buku lalikulu la Chingerezi limene ndidabwereka kwa abusa ena opuma. Bukulo n'lolemera ngati njerwa, masamba ake ndi opitirira 500, ndipo dzina lake ndi Independent African. Adalilemba ndi anthu awiri, George Shepperson ndi Thomas Price, ndipo lidasindikizidwa koyamba ku Edinburgh m'chaka cha 1958.

Chimene chidandiyendetsa ulendowu ndi funso la mwana. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa za mbusa John Chilembwe, ndipo nkhaniyo ndidaizolowera ngati njira ya kumunda. Koma tsiku lina, titatsala pang'ono kutsekera sukulu, mtsikana wina wa Sitandade 7 adakweza mkono nati, "Aphunzitsi, mwanena kuti Azungu adaphwanya zonse za Chilembwe. Nanga inuyo mudadziwa bwanji zimene iye adalemba?" Ndidamuyankha kuti zili m'mabuku. Iye osakhutira adafunsanso, "Nanga eni mabukuwo adazitenga kuti?" Apo ndidayang'ana wotchi ndi kuuza kalasi kuti nthawi yatha, chonsecho idali isanathe. Aphunzitsi anzanga akudziwa manyazi amene ndikunenawa.

Minibasi idatitenga ndi msewu wa Midima, ndipo nditatsika popatukira ku Nguludi ndidakwera njinga yamoto. Chimanga chidali chitakololedwa kale, m'minda mutatsala mapesi ndi nandolo. Chimene mlendo amayamba kuona m'dera limeneli ndi kuchepa kwa malo. Munda uli pakhomo penipeni, nyumba ina ili kuseri kwa inzake, ndipo palibe thengo loti mwana n'kusocheramo. Ndidakumbukira kuti dandaulo la malo m'boma lino silidayambe dzulo. Chakumpoto kwa kuno, ku Magomero, kudali minda yaikulu ya A. L. Bruce Estates, kumene anthu, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pa dothi la Mzungu. Mwezi umodzi udali wa lendi, wina wa msonkho, koma miyeziyo inkatambasuka monga momwe woyang'anira wafunira.

Pa Providence Industrial Mission, pamene tonse timangoti pa PIM, tchalitchi chimaonekera patali. N'chachitali, cha njerwa, ndipo chili ndi ulemu wake. Koma ichi si chimene adamanga Chilembwe. Chake chija, chimene chidatha kumangidwa cha m'ma 1913, asilikali a boma adachiphulitsa nkhondo ya 1915 itangotha, ndipo mishoni idakhala yotseka mpaka m'chaka cha 1926 pamene Dr. Daniel Sharpe Malikebu, mwana wa pamalo pomwepa amene adakaphunzira udotolo ku America, adaloledwa kuitsegulanso. Bambo wina wachikulire amene adandilandira adanditengera pamene pali zibuma za njerwa zogwirana ndi matope ake, zotsala za tchalitchi choyamba. Adaloza nati, "Bambo, njerwa izi adaumba ndi makolo athu." Sadawonjezepo kanthu, ndipo inenso ndidaona kuti si poyenera kuchulutsa mawu. Manda a Chilembwe sali pano. Adawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 cha ku Mulanje akuthawira kumalire, ndipo boma lidamuika mwachinsinsi kuti anthu asamakasonkhane pa manda ake.

Ndidakhala pansi pa mtengo, nkhungu itayamba kuyera, n'kutsegula buku lija, koma ndidayambira kumapeto kwake. Kumeneko kuli masamba ambirimbiri a timalemba ting'onoting'ono, tonena kumene mfundo iliyonse idachokera: kalata yakuti ili mumzinda wakuti, nyuzipepala yakuti ya tsiku lakuti. Kale ndinkawadumpha masamba otere, ndinkayesa n'zokometsera za anthu ophunzira. Tsiku limenelo ndidazindikira kuti yankho la mtsikana uja lili mmenemo.

Tsono George Shepperson adali yani? Adabadwa m'chaka cha 1922 ku Peterborough, m'dziko la England, ndipo adaphunzira pa yunivesite ya Cambridge. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adatumizidwa kukatumikira m'gulu la King's African Rifles, limene agogo athu ankati Keyala, ndipo adamenya nkhondo ku Burma pamodzi ndi asilikali ochokera ku Nyasaland. M'nkhalango zimenezo, kutali ndi kwawo ndiponso kutali ndi kwathu, mnyamatayu adaphunzira Chinyanja pakamwa pa asilikaliwo, namvera nyimbo zawo za paulendo, zimene adadzalemba za izo atakula. Azungu ambiri amene adalamulirapo asilikali athu adabwerera kwawo ndi nthano zoseketsa pa chakudya chamadzulo basi. Uyu adabwerera ndi njala yofuna kudziwa kuti anthu amenewa ngochokera m'mbiri yotani. M'chaka cha 1948 adayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Edinburgh, ndipo adakhala pomwepo mpaka kupuma kwake m'chaka cha 1986. Kuyambira 1963 adali pulofesa wa mbiri ya maiko a Commonwealth ndi America. Mmodzi wa ophunzira amene adadutsa m'manja mwake adali Julius Nyerere, amene adali ku Edinburgh kuyambira 1949 mpaka 1952.

Mfundo yakuti ankaphunzitsa mbiri ya America musaipeputse, chifukwa ndiyo idamutsegulira khomo limene ena sadalione. Munthu wofuna kulemba za Chilembwe m'zaka za m'ma 1950 adali ndi mavuto aakulu. Zambiri za pa Mbombwe zidawonongedwa kapena kulandidwa. M'chaka cha 1919 moto udatentha likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo mapepala ochuluka a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda adapsera momwemo. Ku London nako, makalata a boma a zaka za nkhondoyo adali asanatsegulidwe kwa ofufuza. Zimene zidali poyera zidali zolemba za opambana, zomuonetsa Chilembwe ngati munthu wozungulira mutu amene adasokonezedwa ndi maphunziro osamuyenera.

Shepperson adaganiza motere: ngati munthuyu adaphunzira ku America, ndipo ndalama za mishoni yake zinkachokera kwa Akhristu akuda a ku America, ndiye kuti ankawalembera makalata, ndipo iwo ankawasindikiza. Zidalidi choncho. Chilembwe adapita ku America m'chaka cha 1897, naphunzira pa sukulu ya zaumulungu ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, nabwerera m'chaka cha 1900 mothandizidwa ndi bungwe la National Baptist Convention. Bungweli lidali ndi nyuzipepala yake, Mission Herald, ndipo mmenemo munkatuluka makalata ndi malipoti ochokera ku Mbombwe: za masukulu, za ntchito yomanga, za njala, za kusowa kwa ndalama. Momwemonso makalata a Charles Domingo, amene adaphunzira ku Livingstonia nadzudzula poyera mgwirizano wa boma, makampani ndi amishoni, adasungidwa ndi a mpingo wa Seventh Day Baptist ku Plainfield, m'chigawo cha New Jersey. Mawu amene adazimitsidwa kuno adali ali moyo kutsidya kwa nyanja, m'makabati a anthu amene mwina sankadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili mbali iti. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mnzake uja, Thomas Price, ndiye adabweretsa kudziwa dziko lino, pakuti adagwirapo ntchito ya uphunzitsi pansi pa mishoni ya Church of Scotland kuno, nalemba buku lophunzitsira Chinyanja, asanakaphunzitse ku Glasgow.

Chinthu chimene chidandigwira mtima powerenga n'chakuti nkhondo ya Chilembwe, isanakhale ya mikondo ndi mfuti, idayamba ndi mapepala. Joseph Booth, mmishonale wosakhazikika uja amene adafika kuno m'chaka cha 1892 nalemba Chilembwe ntchito ya m'nyumba, adasindikiza ku America m'chaka cha 1897 kabuku kotchedwa Africa for the African. Mutu wokhawo udali wokwanira kusowetsa tulo bwanamkubwa. Timabuku ta Watch Tower tinkalowa m'dziko kudzera pa positi, ndipo Elliot Kamwana atabatiza anthu zikwizikwi ku Utonga m'zaka za 1908 ndi 1909, boma lidamuchotsa m'dziko. Amishoni a ku Blantyre nawonso adali ndi makina awo osindikizira, ndipo magazini yawo ya Life and Work, pa nthawi ya David Clement Scott, sinkaopa kutsutsana ndi boma pa nkhani za msonkho ndi malo. Amene adaphunzitsa anthu kuwerenga kuti awerenge Mawu a Mulungu sakadatha kuwaletsa kuwerenga zina, ngakhale kuwaletsa kufunsa ngati zochitika pa minda ya thonje zikugwirizana ndi zimene adawerenga m'Mawumo.

Pepala lalikulu pa onse ndi kalata imene Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times m'mwezi wa Novembala 1914. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake, asilikali akuda adali ataphedwa pa nkhondo ya ku Karonga pakati pa Angerezi ndi Ajeremani. M'kalatayo adafunsa chifukwa chimene munthu wakuda ayenera kukhetsera mwazi pa mkangano umene sadauyambe ndipo sadzapindula nawo. Adanena kuti pa nthawi ya mtendere zabwino zonse n'za Azungu, koma nkhondo ikabuka wakuda ndiye amakumbukiridwa, ndi kuti kukadakhala bwino eni chuma ndi eni minda akadapita okha kukamenyana, m'malo mwa amphawi amene amasiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda kanthu. Oyang'anira zosindikizidwa pa nthawi ya nkhondo adaitsekereza kalatayo kuti isafalikire. Shepperson ndi Price adaiika yonse m'buku lawo, ndipo kuchokera mmenemo idalowa m'mabuku ena, mpaka kufika m'timabuku ta ana athu ndi m'zolankhula za pa 15 Januwale chaka ndi chaka. Ndidawerenga kalatayo kawiri nditakhala pafupi ndi zibuma zija. Chingerezi chake n'chopunduka apa ndi apo, ndipo mphunzitsi wa galamala akadachilemba ndi inki yofiira, koma palibe chiganizo chimene munthu angati sadachimve.

Apa ndiyenera kunena zimene ife aphunzitsi timakonda kuzidumpha. Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe adapha Azungu atatu ku minda ya Bruce, mmodzi wa iwo William Jervis Livingstone, woyang'anira wa ku Magomero, amene adamudula mutu mkazi wake akuona. M'mawa mwake, tsiku la Sabata, Chilembwe adachititsa mapemphero mutuwo uli poonekera. Masiku otsatira nyumba za mishoni ya Akatolika ku Nguludi, kumene ndidadutsa m'mawa uja, zidatenthedwa. N'zoonanso kuti akazi ndi ana a Azungu amene adagwidwa sadapwetekedwe ndipo adamasulidwa, ndi kuti Livingstone adali wodziwika ndi nkhanza, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu a PIM ankamanga pa minda ya Bruce ankatenthedwa. Ine sindingayamikire mutu wa munthu m'nyumba ya mapemphero, ndipo sindiphunzitsa ana kuti adachita bwino pamenepo. Chimene ndidalemekeza mwa olemba bukuli n'chakuti sadabise chilichonse mwa izi, ngakhale chifundo chawo chili poyera kuti chili mbali iti. Kubwezera kwa boma kudaposa muyeso: anthu makumi angapo adanyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mofulumira, ena adaphedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa, ndipo pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende.

Ife a mpingo wa Chipresibeteriya nkhaniyi tisaione ngati ya Abaptisti okha. Mmodzi wa amene adaphedwa ndi boma adali John Gray Kufa, mmodzi wa madikoni oyamba a Scott ku Blantyre, wothandiza adotolo wophunzitsidwa bwino, mwini munda, munthu amene amishoni ankamuloza ponyadira zipatso za ntchito yawo. Kupezeka kwa munthu wotere m'chiwembucho kudadzidzimutsa Azungu koposa, ndipo ambiri a iwo adafuna kuti masukulu a mishoni oyendetsedwa ndi anthu akuda atsekedwe. Pamaso pa bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa, Dr. Alexander Hetherwick adaikira kumbuyo maphunziro a anthu akuda mwamphamvu, ndipo atumiki akuda a mishoniyo, monga abusa Harry Kambwiri Matecheta, adapereka umboni wawo. Limodzi la madandaulo amene adamveka kwambiri lidali la chipewa: munthu wakuda, ngakhale mbusa kapena mphunzitsi, ankayenera kuvula chipewa akaona Mzungu, ndipo Mzunguyo sankabwezera ulemuwo. Achinyamata a lero angaseke kuti chipewa n'chiyani. Komatu m'chaka cha 2022 mmisiri wa kuno kwathu, Samson Kambalu, adaimika chiboliboli cha Chilembwe pa Trafalgar Square mumzinda wa London, chochokera pa chithunzi chakale chimene Chilembwe adajambulitsa ndi mmishonale John Chorley, ndipo chipewa chili kumutu.

Buku lija lidatuluka m'chaka chimene Dr. Banda adabwerera kumudzi, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chili pa moto, ndipo patangopita miyezi yowerengeka, pa 3 Malichi 1959, boma lidalengeza za chisokonezo ndi kumanga atsogoleri a Congress. Motero buku la mbiri yakale lidasanduka la nthawi yake yomweyo, pakuti lidaonetsa kuti kukana ulamuliro wachilendo sikudabwere ndi anyamata ophunzira a m'ma 1950, koma kudali ndi makolo ake. Shepperson sadalekere pomwepo. Adapitiriza kulondola ulusi umene umalumikiza anthu akuda a ku America ndi a mu Africa, kudzera m'mipingo, m'masukulu ndi m'manyuzipepala, ndipo pa msonkhano wa akatswiri a mbiri ku Dar es Salaam m'chaka cha 1965 adawerenga pepala limene lidathandiza kufalitsa mawu akuti African diaspora, kunena ana a Africa obalalika m'maiko ena. Adamwalira m'chaka cha 2020 ali ndi zaka 98, ndipo mapepala amene adasonkhanitsa moyo wake wonse akusungidwa ku yunivesite ya Edinburgh.

Sindikunena kuti iye adamaliza zonse. Munthu wotola mapepala amamva mawu a okhawo amene ankalemba, ndipo pa Mbombwe ndi pa Magomero ambiri sankalemba. Mayi amene ankapalira thonje mwana ali kumsana, kapena Mlomwe amene adangofika kumene wosadziwa Chingerezi ngakhale Chimang'anja, m'bukuli amaoneka patali ngati anthu a m'nkhungu ya m'mawa uja. Ena adadzawonjezera pambuyo pake. Zolemba za George Simeon Mwase, zimene adalemba m'chaka cha 1932 atamva nkhaniyi kwa mkaidi mnzake ku Zomba, zidasindikizidwa m'chaka cha 1967. D. D. Phiri adalemba za Chilembwe ndi maso a Mmalawi. Landeg White, m'buku lake la Magomero la 1987, adakhala pansi ndi anthu a m'midzi kumva za thangata, ndipo John McCracken m'chaka cha 2015 adasindikiza maumboni amene anthu adapereka ku bungwe lofufuza lija. Mpaka lero akatswiri sagwirizana ngati Chilembwe ankafuna kukhazikitsa boma lake, kapena ankafuna kufa monga nsembe yoti dziko limve, kapena ankayembekeza kutha kwa nthawi ya pansi pano. Onsewa, potsutsana, amabwererabe ku timalemba ting'onoting'ono tija.

Dzuwa litapendeka nkhungu idachoka, ndipo phiri la Mulanje lidaonekera chakum'mawa, kumene Chilembwe adalowera pa ulendo wake womaliza. Ndidagawana mbatata ndi bambo uja, ndipo pocheza ndidamufunsa ngati achinyamata amabwera kudzaona malowa. Adati amabwera pa 15 Januwale, pamene pali magalimoto ndi zokuzira mawu, koma masiku ena onse kumakhala zii. Adandifunsa kuti buku ndanyamulalo n'la ndalama zingati. Ndidamuuza kuti lidasindikizidwanso kuno kwathu m'chaka cha 2000 ndi a Kachere, koma langali n'lobwereka. Adalitenga, nalitembenuza, nayang'ana zithunzi nthawi yaitali, kenaka adandibwezera ndi manja awiri.

Pobwerera, njinga ikudumpha m'mabampu, maganizo anga adali pa kabati ya m'chipinda cha akulu a mpingo kwathu. Mmenemo muli mabuku a maminitsi a seshoni, kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati, ena a zaka zimene ine ndisanabadwe, olembedwa ndi dzanja lokongola la alembi amene adapita kale. Chaka chatha tidapeza chiswe chitadya theka la buku limodzi, ndipo tidangogwedeza mitu n'kutsekanso kabatiyo. Mulungu wotsatira ndidapempha kiyi kwa alembi a mpingo, ndipo ine ndi anyamata awiri tidatulutsa mabuku onse, kuwapukuta, kuwayanika pamthunzi ndi kuwaika m'bokosi la chitsulo. Adakwana 14, kuwerengera ndi lodyedwa lija.

Sukulu itatsegulidwa ndidamuitana mtsikana uja, tsopano ali mu Sitandade 8, ndi kumufotokozera za moto wa ku Zomba, za makabati a ku America, ndi za msilikali wa ku Burma amene adaphunzira chiyankhulo chathu. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati agogo ake aakazi amanena kuti amayi awo adagwirapo thangata ku Magomero, nafunsa ngati dzina lawo lili m'bukumo. Tidayang'ana limodzi pa mndandanda wa maina, ndipo silidalimo. Ndidamupatsa kope latsopano ndi cholembera. Lolemba lotsatira adabwera nalo atalemba masamba anayi, ndipo agogowo adamuuza kuti apitenso Loweruka, chifukwa adali asanafike pa nkhani ya chaka cha njala.